Kumene Unaloza Mutu wa a Jekete

Mukayenda masiku awiri, fumbi likukulowani mpaka m'makutu, n'kuwoloka mtsinje wa Bwererani, mumafika m'dziko la Tinayambandife. Ndi kadziko kakang'ono, koti wanjinga akhoza kukadutsa matayala asanaphwe, koma eni ake amakatchula ngati kuti dzuwa limayamba lagwada kwa iwo lisanapite kukawalira ena. Likulu lake ndi Mpandowanga. Pa nthawi ya nkhani inoyi dzikolo linali m'manja mwa Mfumu Sindisuntha Wachitatu. Bambo ake ndi agogo ake analinso a Sindisuntha, ndipo onse atatu dzinalo sanalichititse manyazi.

Chaka chimenecho nkhokwe za ufumu zinapezeka zili pululu mwezi wa Juni usanathe. Mvula inali itagwa bwino, anankafumbwe sanaonekemo, mbewa nazo zinali zowonda moti palibe akanaziloza chala. Chimene anthu anaona ndi maso n'chakuti matelala a mu Mpandowanga anali kalikiliki kukulitsa mathalauza a nduna. Mfumu inaitanitsa bwalo kuti lipeze amene wadya chimanga. Bwalolo linakhala masiku anayi, likudya katatu pa tsiku kuti nzeru zisaphwe, ndipo pa tsiku lachisanu anaimirira a Kwathunkuno, Nduna Yoona za Nthaka ndi Eni Ake, n'kunena kuti wakuba wapezeka.

Anati ndi obwera. Anati anthu amenewa amawoloka Bwererani chimanjamanja, koma pakamwa pokha saiwala kunyamula. Akamayenda amaipondaponda nthaka mpaka imatha ngati chidendene cha nsapato. Akamapuma amachepetsa mpweya wa mbadwa. Ndipo choipitsitsa, akafa sabwerera kwawo, amangogona m'dothi la eni ake osapempha n'komwe, osadzukanso. Nduna zinzawo zinaomba m'manja mpaka mabatani ena anathothoka.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Wobwera aliyense apite ku ofesi akatsimikize kuti iye ndi iyeyo, alandire chiphaso cha unzika mvula yoyamba isanagwe. Wolephera adzakwezedwa lole mpaka pa Bwererani n'kumuonetsa tsidya. Wopanda chiphaso asaikidwe m'manda a dzikolo. Ndipo mawu ake asawerengedwe ngati umboni paliponse; akayankhula, kuzikhala ngati kwangodutsa mphepo.

Lole yokhala ndi chimkuzamawu inalengeza zimenezi pamsika wa Ndamvakuti. A Jekete anazimvera atakhala pa chidebe chovundikira, pafupi ndi benchi la mlamu wawo Enelesi, mayi wogulitsa tsabola ndi anyezi amene pakamwa pake panatengera malonda akewo.

A Jekete anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kuika maliro, ndipo anali atagwira khasu limenelo zaka makumi anayi ndi zitatu. Ntchitoyi anaipeza chifukwa cha kubwera kwawo komweko. Mwambo wa kumeneko umati munthu sakumba manda a m'bale wake. Tsono mu Mpandowanga aliyense amati ndi msuweni wa mfumu, ndipo asuweni a munthu mmodzi onse ndi pachibale, ndiye khasu linasowa woligwira. N'chifukwa chake kuyambira kalekale okumba ankakhala anthu a tsidya. A Jekete anawoloka ali mnyamata, akuthawa nkhondo. Anayamba athyola fodya pa esiteti, kenako anawatenga a Sapuleni, mkulu wa adzukulu wa nthawi imeneyo, wobweranso, amene anawayendetsa m'manda a likulu otchedwa Msitu wa Chete n'kuwauza mtumbira uliwonse mwini wake, mpaka a anthu amene anafa iwo asanabadwe.

M'msitu momwemo munagona mkazi wawo Nangozo, mkulu wake wa Enelesi, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ana Mulungu sanawapatse. Pafupi ndi mtumbira wa mkaziyo, pansi pa mtengo wa msuku, a Jekete anadzisungira malo, anawazinga ndi miyala, ndipo ankawalambula mwezi ndi mwezi ngati munda wa mtedza. Malowo sanali motsatana ndi mtumbirawo koma mopingasa, moti Enelesi akapita kumaliro n'kuwaona ankati ukalamba wawalowa m'maso alamu ake, zingwe zoyezera manda zayamba kuwakhotera.

Lole itadutsa, Enelesi anapukuta manja pa chitenje.

"Alamu, mwamva? Akukuthamangitsani. Ndiye ine ndikwatiwa ndi yani?"

"Kuthamanga sindikuopa, ndinabwera chothamanga," anatero a Jekete. "Koma zoti ndikagone tsidya, Nangozo ali kuno, ndiye ayi. Mkulu wako uja ukumudziwa, akadikira nthawi yaitali sayankhulitsana."

M'mawa mwake anasamba, anavala malaya a ku tchalitchi, n'kupita ku Ofesi Yotsimikizira Kuti Munthu Ndi Iyeyo. Mzere unali utazungulira nyumbayo kawiri: oumba njerwa, azamba, okonza mawayilesi, amayi amene analera theka la nduna pamsana. Atafika pa tebulo dzuwa litapendeka, anapeza kalaliki wake ndi bambo Kamtedza, mwana wa mayi amene a Jekete anawaika m'manda chaka chathacho. Mtima unakhala pansi. Koma bambo Kamtedza sanakweze maso, anangofunsa dzina.

Apa mpamene panayambira vuto, chifukwa mayina analipo atatu. Amayi awo anawatcha Mulipa. Kapitawo wa ku esiteti analemba Jekete, poti ndi chovala chokhacho chooneka chimene anafika nacho. Ansembe powabatiza kuti akwatire Nangozo anawatcha Baziliyo. Bambo Kamtedza anati fomu ili ndi mzere umodzi wa dzina, ndipo anthu atatu sangapemphe chiphaso chimodzi. Awiri enawo akaime pamzere paokha. A Jekete anati Mulipa anatsala tsidya, Baziliyo amangopezeka Lamulungu lokha, ndiye alembe Jekete, ndi amene amagwira ntchito.

Kenako panafunika kalata yochokera kumene anabadwira. A Jekete anafotokoza kuti dziko lakwawo linasintha dzina kawiri ndi mbendera katatu chichokereni iwo, mudzi wawo unatenthedwa, ndipo akumva kuti pamalopo lero ndi munda wa nzimbe. Bambo Kamtedza anati si vuto, akatenge kalata yonena kuti mudziwo kulibe, koma ikhale yodindidwa kumudzi komweko. Anawakumbutsanso kuti akawoloka kukaitenga, pobwerera adzafunika kuonetsa chiphaso cha unzika.

Pa nkhani ya chithunzi, a Jekete anatulutsa kakhadi ka ku esiteti kamene anakasunga m'pulasitiki. Panali mnyamata wa tsitsi ngati chitsamba, mano onse ali mbee. Kalaliki anayang'ana khadi, anayang'ana dazi limene linali patsogolo pake, n'kufunsa kumene kuli tsitsi.

"Linagwera m'dziko lanu lomwe lino, ndi mano omwe," anayankha. "Mukafunse Nduna ya Nthaka."

Mboni zinafunika ziwiri, zimene zinawaona tsiku limene anafika. A Jekete anawerenga pa zala: kapitawo uja, a Sapuleni, mayi wina amene anawapatsa madzi padooko. Onse ali ku Msitu wa Chete, ndipo anawaika ndi iwo omwe. Bambo Kamtedza anatsegula buku la malamulo, anatsata ndi chala, n'kunena kuti lamulo silikuletsa mboni kukhala yakufa, likungofuna kuti ibwere yokha, Lachinayi, isanakwane teni koloko.

Chinatsala ndi makina. Anali mphatso yochokera ku dziko lina laubwenzi, ndipo ankawafunditsa kansalu kopeta maluwa kuopa fumbi. Munthu ankaika chala chachikulu pa kagalasi, makinawo n'kuwerenga mizere yake. A Jekete anaika chala. Makina anangoti zii. Anaika china, kenako zonse khumi, kalaliki akuzipukuta ndi mpango, akuziuzira mpweya. Palibe. Mpini wa khasu unali utadya mizere yonse, zala zili see ngati kunsi kwa botolo. Bambo Kamtedza anaika chala chawo pofuna kuonetsa kuti makina ndi abwinobwino, ndipo makinawo anaimba kanyimbo kachisangalalo. Atatero anatenga cholembera n'kulemba pamwamba pa fomu ndi zilembo zikuluzikulu: SAKUPEZEKA.

"Bambo Kamtedza, ine simukundidziwa? Mayi anu ndinawaika ndine, mvula ili pamsana."

Kalaliki anayang'ana kuchitseko n'kutsitsa mawu.

"Madala, panja ndimakudziwani bwino, ndipo mayi anagona pabwino, zikomo kwambiri. Koma muno odziwa anthu ndi makinawa. Wotsatira."

Nkhaniyi inakafika pa Ndamvakuti iwo asanafike. Enelesi atawaona akukhala pa chidebe chija anafunsa anzake ngati akuonapo munthu pamenepo, chifukwa iye akumva ngati wina watsokomola koma boma lati palibe. Anati thobwa limene anawasungira amwa yekha, sangamwetse mphepo. Wometa wa pafupi anati asadandaule, munthu wosapezeka sangakwezedwe lole, apolisi adzamugwira pati. Wogulitsa makala anati ayi, boma likafuna kukutaya limakupeza, limangokusowa likafuna kukupatsa. A Jekete anaseka nawo. Koma dzuwa lisanalowe anatenga tsache n'kupita pansi pa msuku paja. Analambula malo opingasa aja, anakonza mwala umene unagubuduka, n'kuuza Nangozo kuti zinthu sizili bwino, mitambo yayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo akapanda kubwera asaganize kuti wapeza wina.

Chimene chinawathandiza ndi changu cha apolisi. Iwo sanadikire mvula, anayamba kuyeserera kugwira anthu m'misewu. Ndiye panabuka funso limene bwalo silinaliganizire: wobwera umamudziwa bwanji, poti mbadwa nazo zilibe pepala? Tsiku lina anagwira mayi wina wachikulire akuchokera kuchigayo, chifukwa choti ankayankhulira m'mphuno, n'kumukweza lole ndi ufa wake womwe. Anali azakhali ake a mfumu. Mayiyo atatsika anakalowa kunyumba yachifumu ufa uli m'nsidze, ndipo zimene ananena kumeneko alonda sanazibwerezepo mpaka lero.

Bwalo linakhalanso masiku anayi. Pa lachisanu a Kwathunkuno anaimirira n'kunena kuti mbadwa yeniyeni sifuna pepala, pepala lake ndi nthaka. Aliyense wodzitcha mbadwa akaloze mtumbira wa bambo ake kapena agogo ake ku Msitu wa Chete, anthu akuona. Ndipo pofuna kuti dziko lonse litengerepo chitsanzo, ayambe ndi nduna, atsirize ndi mfumu yomwe, Loweruka likudzalo. Mabatani anathothokanso.

Lole ya chimkuzamawu itamaliza kuzungulira m'pamene akuluakuluwo anakumbukira kanthu kena. Ku Msitu wa Chete kulibe chiliza ngakhale chimodzi. Sindisuntha Woyamba analetsa, ati akufa akalembedwa mayina pamwala amayamba kufuna kukumbukiridwa kuposa mfumu. Chake chokha ndicho chinayenera kumangidwa, koma simenti yake inasochera panjira n'kukapezeka itasanduka makhonde a nduna za nthawi imeneyo. Choncho msitu wonse ndi milu ya dothi yofanana. Komanso anthu akuluakulu a ku Tinayambandife safika kumanda. Pamaliro amakhala mu tenti, amayankhula za ubwino wa malemu ndi wa boma, amadya, n'kukwera magalimoto bokosi lisananyamuke. Panalibe nduna ngakhale imodzi yodziwa pamene panagona bambo ake.

Kuyambira Lachitatu magalimoto anayamba kuima pakhomo pa a Jekete. Anthu amene zaka zonsezi ankawaitana kuti iwe watsidya tsopano ankagwira chipewa m'manja n'kumati malume. Wina anabweretsa bulangeti, wina shuga, wina tambala. Aliyense ankapempha kuti amunong'oneze mtengo woyandikana ndi mtumbira wa bambo ake. A Jekete ankalandira katunduyo ndi manja awiri, n'kunena mwaulemu kuti akanakonda kuthandiza, koma mwatsoka sakupezeka. Pofika Lachisanu, nduna zinavomerezana kuti palibe kuchitira mwina, nkhalambayo iitanidwe idzaloze yokha pamaso pa anthu.

Loweruka m'mawa msika wa Ndamvakuti unatsekedwa wokha, popanda lamulo. Bandi ya apolisi inatsogola, mfumu ili pampando wonyamulidwa ndi amuna anayi, ambulera ili pamwamba. Pakhomo la msitu anapeza a Jekete ataima, khasu lili paphewa. Kumanda kuli malamulo ake amene ngakhale bwalo silikhudza: mdzukulu ndiye amatsogola, aliyense amalowa wapansi ndi wopanda nsapato, ndipo chimene mdzukulu wanena m'katimo sichikhala mlandu. Mfumu inatsika. Nduna zinavula nsapato, panatuluka mapazi ofewa ngati buledi, amene minga ya m'msitumo inawalandira ndi chimwemwe.

Asanasunthe phazi, a Jekete anakumbutsa mfumu kuti mwa lamulo mawu awo ndi mphepo. Mfumu inakweza dzanja n'kugamula kuti lero lokha, mpaka dzuwa lifike paliwombo, mphepo imvedwa.

Atangolowa, a Kwathunkuno anaona chinthu chimene chinawasangalatsa. Mitumbira sinali pamzere. Wina unaloza uku, wina uko, ngati nkhuni zimene mayi wazitaya ataona njoka. Ndunayo inaiwala minga, inakwera pachulu n'kuuza khamulo kuti lidzionere lokha ntchito ya obwera. Zaka zonsezi dziko lawakhulupirira ndi makolo ake, koma ngakhale kufoletsa manda sadziwa. Inalamula a Jekete kuti afotokoze chisokonezo chimenechi pamaso pa mfumu.

A Jekete anatsitsa khasu n'kulitsamira. Anati si vuto la maso kapena la chingwe. Munthu amamugoneka mutu utaloza kumene kunachokera makolo ake, kuti mzimu usasochere popita kwawo. Wodwala akaona kuti zafika amauza mkazi wake kapena mlongo wake, ndipo m'mawa wa tsiku loika, khasu lisanagwe pansi, mayiyo amanong'oneza adzukulu. Amayi a m'khamulo anagwedeza mitu, poti iwo ankazidziwa kalekale. Zinali zachilendo kwa anthu a mu tenti okha.

"Ndiye tiyambe ndi bambo anu, bwana nduna, poti mwaima pafupi. Ndi awa. Miyendo uku, mutu uku."

Analoza ndi mpini kupyola mitengo, kupyola Bwererani, kumene kunkaoneka phiri la nsonga ziwiri lili buu ndi utsi.

"Phiri limenelo ndi lomwe ndinabadwira ine. Iwo anali a kuseri kwake, ife a kumaso. Atadwala ankandiitanitsa kuti tizicheza m'chiyankhulo chakwathu, poti m'nyumba mwawo munalibe wochimva. Panali kanyimbo kena kopunthira mapira kamene ankakakonda. Ndikaimbe?"

A Kwathunkuno anati sikofunika. Anatsika pachulu paja mosamala kwambiri, ngati munthu amene wanyamula mazira m'thumba la thalauza.

Mfumu inaseka mpaka ambulera inagwedezeka, n'kulamula kuti apitirize. Agogo a Nduna ya Nkhokwe mutu unaloza kummwera, anabwera atasenza katundu wa amalonda n'kutsalira chifukwa cha chilonda cha pamwendo. Bambo a mkulu wa apolisi, kum'mawa. Anathawa mlandu wa mbuzi. Amene anabereka woweruza wamkulu, kumadzulo. Mtumbira uliwonse a Jekete ankaupatsa moni kaye, kuutchula dzina, n'kuchotsapo kaudzu, kenako n'kunena za mwini wake mosakweza mawu, ngati akufotokoza za mitengo ya m'munda. Nduna iliyonse ikamva zake inkayamba kuchita chidwi ndi zala za kumapazi kwake. Mfumu inkaseka iliyonse, koma kuseka kunkafupika pamene nduna zinkatha. Itatsala yokha, inayang'ana kumwamba n'kunena kuti kwatentha, zotsalazo adzazione tsiku lina.

Mawu a Enelesi anatuluka pakati pa amayi, aulemu ngati a munthu wopereka madzi.

"Dzuwa silinafike paliwombo, Mfumu. Mphepo idakali ndi nthawi."

Khamu linang'ung'udza movomereza, ndipo njira yobwerera inali itadzaza ndi anthu. Mfumu inatsata khasu mpaka pansi pa mkuyu waukulu pakati pa msitu. Pamenepo panali mulu wa dothi wosasiyana ndi ina, mutu kumpoto. A Jekete anagwada, anaomba m'manja katatu, n'kunena zimene anawauza a Sapuleni. Sindisuntha Woyamba anabwera ndi bulu akugulitsa mchere. Atafika pamene pali nyumba yachifumu lero, buluyo anakhala pansi n'kukana kudzuka. Mwini wake anakhala pambali kumudikira, anthu anayamba kubwera kudzagula mchere pomwepo, kenako kudzafunsa nzeru, kenako kudzagwada. Woyamba kusasuntha anali buluyo.

Wa ng'oma ya bandi anatsokomola n'kubisa nkhope kuseri kwa ng'oma yake. Mfumu inafunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati m'msitu monsemo mulibe ngakhale mmodzi amene mutu wake unaloza konkuno. A Jekete anati palibe. Msitu wonse unaloza kunja. Ngakhale mkazi wawo Nangozo, wobadwira pafupi ndi msika, mutu wake uli kumadzulo kumene kunachokera agogo ake. Kumbuyo kwa khamu wometa uja anafunsa mnzake kuti malole afunika angati, ndipo ayendetsa ndani, poti bambo a dalaivala nawo aloza kummwera.

Bwalo linakumana pomwepo, choimirira, popanda nsapato ndi popanda chakudya, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo linamaliza nkhani tsiku lomwelo. Nkhani yake inali yothina. Akati mawu a nkhalambayo ndi mphepo, ndiye kuti palibe waloza mtumbira, dziko lilibe mbadwa, ndi mfumu yomwe. Akati ndi umboni, ndiye kuti onse ndi a pa lole. Mithunzi inali kufupika.

Anapulumutsa zinthu ndi a Kwathunkuno, munthu amene pakamwa pake sipanagonepo ndi njala. Analengeza kuti bwalo lapeza tanthauzo lenileni la zimene anthu aona. Makolo a Tinayambandife analoza kunja chifukwa akulondera malire. Aliyense anasankha mbali imene adani angadzere, ndipo bambo awo a ndunayo, mwa kulimba mtima kwawo, anasankha mbali yoopsa ya Bwererani. Choncho mitumbira yonse imene yalozedwa ndi yovomerezeka. Za mabulu, mbuzi ndi nyimbo zopunthira mapira, zimenezo zinali mphepo. Koma kuti kulozako kukhale umboni mpaka muyaya, osati mpaka masana okha, wolozayo ayenera kukhala ndi chiphaso dzuwa lisanafike paliwombo.

Anathamangira bambo Kamtedza, amene anali m'khamu momwemo, chidindo chili m'thumba poti sankachisiya. Ng'oma ya bandi inasanduka tebulo. Mawu aja akuti SAKUPEZEKA anawakhwatcha. Pa mzere wa dzina analemba onse atatu, Mulipa Baziliyo Jekete, lomalizalo likutsetsereka m'mbali mwa pepala. A Jekete anaviika chala mu inki n'kudinda, panatsala chibanga chakuda ngati nyemba yoponderezedwa. Anachionetsa kwa mfumu, ndipo mfumu itachiyang'anitsitsa inagamula kuti chikufanana nawo kwambiri. Pa malo obadwira kalaliki anaima. A Kwathunkuno anati alembe msanga kuti konkuno.

"Ayi, bodza kumanda sitinena," anatero a Jekete. "Lembani kuti kumaso kwa phiri, moyandikana ndi kwa bambo a nduna."

Bambo Kamtedza anayang'ana nduna, anayang'ana nkhalamba, anayang'ana dzuwa, n'kulemba kuti: Chapafupi. Chidindo chinagwa, ng'oma inalira yokha.

Lamulo lija silinafafanizidwe. Ku Tinayambandife malamulo safafanizidwa, amangowasiya kuti atope. Mvula yoyamba inagwa, palibe anakwezedwa lole, ndipo malolewo anabwerera ku ntchito yawo yakale yotuta chimanga cha ufumu kupita kumene chimapita. Makina aja akadali pa tebulo, atafunda kansalu kawo.

A Jekete anasunga chiphasocho m'pulasitiki limodzi ndi mnyamata wa tsitsi uja, ndipo palibe anawafunsapo kuti achione. Anakumba manda dzinja lina ndi linzake, kenako m'mawa wina wa mwezi wa Meyi sanadzuke. Adzukulu anzawo, khasu lisanagwe pansi, anapita kwa Enelesi kukafunsa monong'ona ngati mutu uloze ku phiri la nsonga ziwiri. Enelesi anati asavutike ndi phiri, atsate miyala mmene mwini wake anaiyalira. Anatsata. Manda anatuluka opingasa, mutu utagunda m'nthiti mwa mtumbira wa Nangozo. Ndipo munthu akaima kumiyendo n'kuyang'ana kutsogolo, kupyola mtumbira wa mkaziyo, kupyola mitengo, maso ankakagwera pa denga la nyumba yachifumu.

Sabata isanathe nkhani inafika kubwalo kuti m'Msitu wa Chete mwapezeka mutu woyamba woloza m'kati mwa dziko. Bwalo linakhala masiku anayi. Linagamula kuti pamangidwe chiliza, choyamba m'msitumo, ndipo simenti inafika ndithu, ngakhale inafika theka. Lero alendo olemekezeka akabwera ku Mpandowanga amawavula nsapato n'kupita nawo pansi pa msuku paja, a Kwathunkuno n'kuwafotokozera, mpango uli m'maso, za mbadwa imene inakonda mfumu yake mpaka kuilozetsa mutu ili m'manda.

Mukafika pa Ndamvakuti mukamufunse Enelesi. Akadalipo, benchi lake ndi lachitatu kuchokera kwa wometa. Sakweza n'komwe maso pa milu yake ya tsabola.

"Alamu anga aja analibe nazo ntchito za mpando wa munthu. Mutu umaloza kwanu, ndiye iwo kwawo kunali mkulu wanga. Nyumba yachifumuyo yangopezeka kuseri kwake, monga imapezekera kuseri kwa chilichonse m'dziko muno. Nanga tsabolayu mugula, kapena mwangobwera kudzafunsa?"